Khomo Lolowera M'nyimbo za Cecil Taylor

Ndapemphedwa kuti ndikambe za munthu mmodzi wa ku America amene anayimba piyano pamaso pa anthu kwa zaka 60, nasiya zimbale zochuluka chotere kuti wofuna kuyamba kumumvera amasowa pogwira. Dzina lake ndi Cecil Taylor, mmodzi wa makolo a mayimbidwe aja amatchedwa free jazz. Ndipo popeza ambiri amene anamuyesa kamodzi anabwerera pakhomo pomwe, nanka nauza anzawo kuti m'nyumbamo muli phokoso lokhalokha, ndaganiza kuti m'malo momutamanda, pakuti omutamanda alipo kale okwanira, ndikulozereni zimbale zoyenera kuyambira, ndondomeko yozimvera, ndi chimene khutu liyenera kugwira pamene zonse zimene linazolowera kutsamira zachotsedwa.

Anabadwa pa 25 Malichi 1929 ku Queens, mumzinda wa New York, namwalira pa 5 Epulo 2018 kunyumba kwake ku Brooklyn ali ndi zaka 89. Amayi ake ndiwo anamukhazika pa piyano akali mwana wamng'ono, ndipo atakula anakaphunzira ku New England Conservatory mumzinda wa Boston, kumene anasanthula nyimbo za akatswiri a ku Ulaya monga Bartók ndi Stravinsky, pamene mtima wake unali kwa Duke Ellington, Thelonious Monk, Bud Powell ndi Horace Silver. Ndatchula sukuluyi dala, chifukwa pa moyo wake wonse ananenezedwa milandu iwiri yotsutsana: ena ankati munthuyu sadziwa kuyimba, angomenya makiyi mwachisawawa, pamene ena ankati wadziwitsa, kotero kuti wataya jazi ya makolo ake akuda natola za Azungu. Mlandu woyambawo umagwa wokha munthu akangomva kulongosoka kwa zala zake pa liwiro limene oyimba ambiri sangalifike. Wachiwiriwo iye mwini ankaukana kwamtuwagalu, ponena kuti muzu wa nyimbo zake uli mwa anthu akuda a ku America ndi mu Africa mmene anachokera. Ndipo ine ndili kumbali yake, pa chifukwa chimene ndichifikire posachedwa.

Kuti timvetse chimene chimathawitsa anthu, tiyambe taona chimene womvera jazi wa m'zaka za m'ma 1950 ankadalira. Panali chuni, kawirikawiri nyimbo yodziwika ya m'zisudzo kapena blues, imene oyimba ankayamba nayo ndi kumaliza nayo. Panali makodi a nyimboyo, amene ankazungulira mobwerezabwereza pansi pa aliyense wopeka zake pompopompo, kotero kuti ngakhale wa sakisofoni apite kutali chotani, womvera ankadziwa pamene adzatulukire. Ndipo panali kugunda kosasintha, kumene wang'oma ankakusunga pa mbale yachitsulo ndi wa besi pa zingwe zake, kumene phazi la womvera linkatsata losauzidwa. Pakati pa 1956 ndi 1962 Taylor anazimasula zitatu zonsezi, chimodzi lero china mawa, ndipo zimbale zake za zaka zimenezo ndi mboni za ulendowo. Mnzake Ornette Coleman, amene anagwedeza New York mu 1959, ndipo dzina la chimbale chake cha Free Jazz linasanduka dzina la mayimbidwe onsewa, anamasula makodi koma anasiya chuni chokoma ndi kugunda kumene munthu angavine nako. Nchifukwa chake ambiri amalowa kwa Coleman mosavuta koma nkukakamira pakhomo la Taylor.

Nanga m'malo mwa zitatuzo anaikamo chiyani? Anaikamo tiziganizo. Kachiganizo ka mawu anayi kapena asanu, koyimbidwa ndi manja onse awiri pamodzi chapakati kapena chakumunsi kwa piyano, kamanenedwa momveka bwino, kenaka nkubwerezedwa. Pobwera kachitatu kamakhala katasunthidwa kukwera pang'ono, kapena katadulidwa mchira, kapena dzanja lamanja likukwera pamene lamanzere likutsika muyeso womwewo. Ndiye kuchokera kumtunda kwa piyano kumatsika yankho, liwiro la zala za manja awiri zolandizana, limene limakula kufikira zala zitachepa, napitiriza ndi chikhatho, nkhonya, ngakhale mkono wathunthu. Ndipo pamene womvera wayesa kuti zonse zamwazika, taonani, kachiganizo koyamba kaja kabwerera m'malo mwake kumunsi, kali bwinobwino, kudzayambitsa ulendo wina. Uwu ndiwo msana wa nyimbo zake zambiri, makamaka kuyambira m'ma 1970, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene ndifuna mutuluke nacho muno, nchimenechi: zindikirani kachiganizo koyambako, kasungeni m'mutu, ndipo kadikireni kuti kabwerere. Amene waphunzira kutero sasokeranso, ngakhale nyimbo italike ola lathunthu.

Tikumbukenso kuti piyano, ngakhale tinazolowera kuimva ikuperekeza kwaya mofatsa, ndi chida chomenya. M'kati mwake muli tinyundo tokutidwa ndi nsalu yaubweya, ndipo kiyi iliyonse mwa makiyi 88 ikakanikizidwa imaponya kanyundo kake pa zingwe zachitsulo. Taylor anatenga choonadi chimenechi nachiika poyera, ndipo atatchuka ankakonda piyano yaikulu ya Bösendorfer yopangidwa ku Austria, ya makiyi 97, imene makiyi ake 9 owonjezera ali kumunsi kumene mawu amagunda m'chifuwa. Ankakondanso magule koposa, nagwira ntchito ndi ovina monga Dianne McIntyre ndi Min Tanaka wa ku Japan, ndipo ankanena kuti pa piyano amayesa kutsanzira kudumpha kwa wovina. Pano mpamene ife tili ndi mwayi umene omvera ambiri a ku Ulaya analibe. Amene anaimapo pabwalo la gule wamkulu adziwa kuti ng'oma zina zimasunga kugunda, koma mbalule imayang'ana mapazi a gule: akapalasa fumbi imapalasa naye, akaima chilili imadukiza, akalumpha imalira pamene phazi latera, ndipo palibe amene amati woomba mbalule wasokoneza chifukwa sakuwerengera pamodzi ndi anzake. Tsono yerekezani kuti ng'oma zina zonse zatonthola, guleyo simukumuona, yatsala mbalule yokha, ndipo kuchokera m'kulira kwake muyenera kudziwira mmene thupi likuyendera pabwalo. Kumvera Taylor nkotero, ndipo ndicho chifukwa ndinati muzu wake suli ku Ulaya.

Pasakhalenso woyesa kuti ufulu umenewu unali ulesi. Iye ankakhala pa piyano maola ambiri tsiku ndi tsiku kufikira ukalamba wake, ndipo gulu lake, limene ankalitcha Unit, linkayeserera nthawi yaitali lisanaonekere pamaso pa anthu. Kawirikawiri sankagawira anzake mapepala a manotsi monga achitira opeka ena. Ankawatchulira mawu ndi pakamwa, kapena kuwayimbira pa piyano kufikira atawagwira m'khutu, kuti chimene munthu wachigwira ndi khutu akathe kuchipinda ndi kuchitambasula pamene nyimbo yatentha.

Tsopano tifike ku zimbale. Chiyeso choyamba cha munthu wa masiku ano, amene nyimbo zonse zili m'manja mwake pa intaneti, ndicho kulawa apa pang'ono apo pang'ono, mphindi imodzi m'chimbale ichi, mphindi ziwiri m'chinacho. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kwa Taylor mwambiwu ngwoona kawiri, pakuti mphindi imodzi yotengedwa pakati pa nyimbo yake imamvekadi ngati phokoso, popeza yankho mwalimva koma funso simunalimve. Chotero ndikupemphani muyambe ndi nyimbo ziwiri zokha za unyamata wake. Yoyamba ndi "Bemsha Swing" ya Thelonious Monk, imene ili m'chimbale chake choyamba, Jazz Advance, chojambulidwa ku Boston mu 1956 ndi kampani yaing'ono ya Transition, Buell Neidlinger ali pa besi ndi Dennis Charles pa ng'oma. Mverani kaye mmene Monk mwini anaiyimbira, kenaka mubwere kwa Taylor: besi ndi ng'oma zikusunga kugunda mokhulupirika, chuni chikuzindikirika, koma piyano ikuchiphwanya tizidutswa ndi kutiponya m'malo osayembekezeka, ndipo mudzamva ndi khutu lanu tiziganizo tija tikubadwa. Yachiwiri ndi "This Nearly Was Mine", nyimbo ya m'sewero la South Pacific la Rodgers ndi Hammerstein, imene ili m'chimbale cha The World of Cecil Taylor cha kampani ya Candid, cha mu 1960. Amaiyimba mosafulumira, akuitembenuza uku ndi uku ndi kuithira blues, ndipo wonena kuti munthuyu analibe chifundo m'zala zake ayenera kukhazikidwa pansi kuti aimve yonse.

Pali chimbale china cha nyengo yomweyo chimene dzina lake limakopa, chimene chimagulitsidwa monga Coltrane Time, chojambulidwa mu 1958, m'mene muli John Coltrane ndi Kenny Dorham. Musayambire pamenepo. Taylor m'menemo ali ngati womangidwa manja, ndipo oyimbawo sanamvane kwenikweni za kumene akupita.

Mukamaliza nyimbo ziwiri zija, ndikulangizani kulumpha zaka 14 ndi kupita kwa Taylor ali yekha. Ndidziwa kuti ambiri amatsata zaka mwandondomeko, ndipo ena amatumiza woyamba kumene ku Unit Structures popeza ndicho chimbale chotchuka. Koma ine ndiona kuti khutu losazolowera liyenera kuyamba lamva munthu mmodzi akulankhula lisanalowe m'bwalo m'mene anthu asanu ndi awiri akulankhulira pamodzi. Chimbalecho ndi Silent Tongues, chojambulidwa pa chikondwerero cha jazi ku Montreux m'dziko la Switzerland pa 2 Julayi 1974, chimene olemba za nyimbo a magazini ya Down Beat anachisankha kukhala chimbale choposa zonse cha mu 1975. Chili ndi zigawo zisanu zolumikizana, ndi tinyimbo tiwiri tatifupi kumapeto timene anayimba anthu atamuitanitsanso ndi m'manja, "Jitney No. 2" ndi "After All No. 2". Yambani ndi tiwiri takumapetoti, pakuti m'mphindi zowerengeka muli zonse zimene ndafotokoza, zoikidwa pafupi kotero kuti khutu lingazione mbali zonse. Kachiwiriko makamaka nkofatsa, ndipo chuni chake munthu angachinong'one. Mukatimva kangapo, bwererani poyambira pa "Abyss" ndi kumva chimbale chonse osadukiza. Mudzadabwa kupeza kuti pamene "Jitney" ndi "After All" zikufika m'malo mwake, mukuzilonjera monga alendo amene munadyapo nawo kale, ndipo liwiro loopsa la chigawo cha "Crossing" lili ndi kumene likuchokera ndi kumene likupita.

Pa kamvedwe kake ndinene mawu ochepa, pakuti zimbale zabwino zimaonongeka ndi kamvedwe koipa. Nyimbo izi siziperekeza ntchito ina. Sizimveka munthu akuwerenga, akucheza kapena akuyendetsa galimoto. Kasipika ka foni kamadya mawu onse akumunsi, m'mene muli tiziganizo tija, nkukusiyirani kusokosera kwa kumtunda kokha. Pezani masipika abwino kapena mahedifoni, ndipo mukweze mawu kufikira dzanja lamanzere likumveka kulemera kwake. Ulendo woyamba ingomverani osadzifunsa kanthu. Ulendo wachiwiri tsatani dzanja lamanzere lokha. Ulendo wachitatu tcherani khutu pa malo amene iye amapuma, pakuti amapumadi, ndipo kupuma kwakeko ndiko kumagawa nkhani yake m'ndime. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chimbale chimodzi chikukwanirani sabata yathunthu. Ndipo ngati mungapeze kanema wa Imagine the Sound, amene Ron Mann wa ku Canada anatulutsa mu 1981, muoneni, pakuti m'menemo Taylor akuyimba, akuvina ndi kulakatula ndakatulo m'chipinda choyera, ndipo maso akaona mmene manja awiriwo akulandizirana ndi kulumphana pa makiyi, khutu limafulumira kumvetsa chimene linali kumva.

Wofuna china cha Taylor ali yekha apite ku For Olim, chojambulidwa ku Berlin mu 1986, m'mene nyimbo imodzi yaitali ikutsatidwa ndi zingapo zazifupi, ndipo kayimbidwe kake nkodekha kuposa ka mu 1974. Indent cha ku Antioch College mu 1973, kumene anali kuphunzitsa, ndi Air Above Mountains cha ku Austria mu 1976, zidikire kaye. Nzamphamvu, koma sizipatsa mlendo mpando.

Tsopano mwakonzeka kulowa m'gulu, ndipo pakhomo pali munthu wokutsogolerani amene dzina lake liyenera kutchulidwa mwaulemu: Jimmy Lyons, woyimba sakisofoni ya alto, amene anayenda ndi Taylor kuyambira kuchiyambi kwa m'ma 1960 kufikira imfa yake mu 1986. Lyons anakulira m'kayimbidwe ka Charlie Parker, ndipo sanakataye. Pakati pa namondwe yense wa piyano ndi ng'oma, mawu ake amakhala oongoka, oyimbika, odziwa poyambira ndi pothera chiganizo, kotero kuti womvera akasokera angomugwira iye malaya. Ine ndimati theka la ukulu wa zimbale za gulu la Taylor ndi la Lyons, ndipo dziko silinamubwezere ulemu wolingana ndi ntchito yake.

Chimbale cha gulu choyenera kuyambira ndi Conquistador!, chojambulidwa mu Okutobala 1966 ndi kampani ya Blue Note. Muli nyimbo ziwiri zokha, iliyonse yodzaza mbali imodzi ya mbale yakale ya galamafoni, ndipo oyimba ndi asanu ndi mmodzi: Taylor, Lyons, Bill Dixon pa lipenga, Andrew Cyrille pa ng'oma, ndi a besi awiri, Henry Grimes ndi Alan Silva. Tcherani khutu pa a besi awiriwo, pakuti agawana ntchito mochititsa chidwi: Grimes kawirikawiri amakoka zingwe ndi zala kumunsi, kupereka nthaka yopondapo, pamene Silva amakwecha ndi uta kumtunda kwenikweni, natulutsa mawu opyapyala amene munthu sangaganize kuti achokera m'chida chachikulu chotero. M'nyimbo ya "Conquistador" muli chuni chenicheni chimene lipenga ndi sakisofoni zimayimbira pamodzi, ndipo ikafika nthawi ya Dixon, gulu lonse limatsika naye, pakuti iye anali munthu wa mawu ochepa ndi aatali, wosathamangitsidwa ndi liwiro la wina. Kusinthana kumeneku kwa moto ndi bata ndiko kumachititsa chimbalechi kukhala chaulemu kwa mlendo.

Kuchokera apo bwererani m'mbuyo zaka zinayi, ku Copenhagen, m'kalabu ya Café Montmartre, mu Novembala 1962, kumene kunajambulidwa zimene tsopano zimadziwika ndi dzina lakuti Nefertiti, the Beautiful One Has Come. Oyimba ndi atatu okha, Taylor, Lyons ndi Sunny Murray pa ng'oma, popanda besi. Kajambulidwe kake nkokhakhala monga kayenera kukhalira ka m'kalabu, koma pano mpamene kugunda kowerengeka kunamasulidwa, pakuti Murray analeka kukhala wotchi ya gulu nayamba kuomba mafunde okwera ndi kutsika motsata mpweya wa nyimbo. M'menemo mulinso nyimbo yakale yodziwika, "What's New?", imene ingakuthandizeni kuyeza kutalika kwa mtunda umene atatuwa anayenda. Ndipo pomvera chimbalechi kumbukirani kuti munthu amene anali kusintha mbiri ya jazi usiku umenewo, atabwerera kwawo anasowa pomuyimbitsa: eni makalabu a ku New York sankamufuna, popeza nyimbo zake zinali zazitali ndipo anthu ankamvera m'malo mogula zakumwa, kotero kuti m'zaka zimenezo anadzisunga ndi maganyu, kutsuka mbale m'malo odyera ndi zina zotero, monga A. B. Spellman anafotokozera m'buku lake la Four Lives in the Bebop Business la mu 1966. Kuchokera mu 1962 kufikira 1966 sanajambule chimbale chake m'situdiyo. Mu 1964 anali mmodzi wa amene anakhazikitsa Jazz Composers Guild pamodzi ndi Bill Dixon, bungwe la oyimba ofuna kudziyimira okha pamaso pa eni makalabu ndi makampani a zimbale. Ulemu unadza mochedwa: anayimba ku White House pamaso pa Pulezidenti Jimmy Carter mu Juni 1978, analandira mphoto ya MacArthur mu 1991, ndi ya Kyoto ya ku Japan mu 2013, ali nkhalamba ya zaka 84. Koma kayimbidwe kake sanakafewetse m'zaka za njala kuti apeze ntchito, ndipo sanakafewetse m'zaka za ulemu kuti akondweretse omulemekeza.

Pamenepo tsono mungatsegule Unit Structures, chojambulidwa mu Meyi 1966 m'situdiyo ya Rudy Van Gelder ku New Jersey, m'mene kuwonjezera pa Lyons, Cyrille ndi a besi awiri aja muli Eddie Gale pa lipenga ndi Ken McIntyre pa sakisofoni, oboe ndi bass clarinet. Ichi ndi chimbale chothinana, m'mene tiziganizo tambirimbiri tagawidwa kwa oyimba osiyanasiyana, ndipo timalowa, kusanjikizana ndi kutuluka mofulumira kotero kuti ulendo woyamba munthu amangoona fumbi. Musayambe ndi nyimbo yoyamba; yambani ndi yachiwiri, "Enter, Evening", yoyenda pang'onopang'ono, m'mene oboe, lipenga lotsekedwa kukamwa ndi zingwe zokwechedwa zimalukana popanda wothamangitsa mnzake. Mukamva mmene zida zikupatsirana malo m'nyimbo yofatsayo, mudzazindikira kuti m'zaliwiro zija zikuchita zomwezo, kungoti mofulumira. Mawu a pachikuto cha chimbalechi analemba ndi Taylor mwini, m'kalembedwe ka ndakatulo kovuta. Awerengeni mutamva nyimbo, osati musanamve.

Za m'ma 1970 mochedwa ndingotchula gulu la mu 1978, m'mene munali Raphe Malik pa lipenga, Ramsey Ameen pa vayolini, Sirone pa besi ndi Ronald Shannon Jackson pa ng'oma, pamodzi ndi Lyons. Jackson anabweretsa kugunda kolemera kumene nthawi zina phazi lingakutsate, ndipo chimbale cha 3 Phasis, nyimbo imodzi ya pafupifupi ola, ambiri amachiyesa nsonga ya magulu onse a Taylor, ine sindingawatsutse. Kukumana kwa Taylor ndi woyimba piyano mnzake Mary Lou Williams ku Carnegie Hall mu 1977, kotulutsidwa monga Embraced, nkofunika m'mbiri, koma akuluakulu awiriwo aliyense anayenda njira yake usiku umenewo, ndipo woyamba kumene achisiye. Kukumana kwake ndi wang'oma Max Roach ku Columbia University mu 1979 kunayenda mwina, pakuti apo ang'oma awiri anapezana, wina pa zikopa wina pa zingwe.

Chotsala ndi Berlin. M'miyezi ya Juni ndi Julayi 1988, Lyons atamwalira kale, kampani ya FMP inaitana Taylor kumeneko kwa mwezi wathunthu kuti ayimbe ndi akatswiri opeka pompopompo okhala ku Ulaya, ndipo zimene zinajambulidwa zinatuluka m'bokosi la ma CD 11. Munali gulu lalikulu, munali atatu, koma mtima wa bokosilo ndi kukumana kwa awiriawiri ndi ang'oma: Han Bennink wa ku Holland, Günter Sommer ndi Paul Lovens a ku Germany, Tony Oxley wa ku England amene anadzakhala mnzake wa zaka zambiri, ndi Louis Moholo wa ku Cape Town. Moholo anachoka ku South Africa mu 1964 ndi gulu la Blue Notes, pamodzi ndi Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Nikele Moyake, popeza malamulo a tsankho sankalola akuda ndi mzungu kuyimbira pamodzi mwamtendere. Ndipo chimbale chake ndi Taylor, chotchedwa Remembrance, ndicho ndikupemphani mumve choyamba mwa za m'bokosilo. Moholo salimbana ndi piyano kuti aone wamphamvu ndani. Amayala kunjenjemera kosalekeza pansi pake, nakwera pamene Taylor wakwera, nadziwa kusiya malo, ndipo mwa ang'oma onse a mwezi umenewo ndiye amene khutu la kuno kwathu lidzamumva msanga. Bokosi lonselo musalithamangire, pakuti lidzakudikirani. Zimbale zake zimapezekanso chilichonse pachokha.

Amene wafika pano safunanso womutsogolera, koma ndimusiyire chimbale chimodzi cha ukalamba, The Willisau Concert, chojambulidwa ku Switzerland mu 2000, Taylor ali ndi zaka 71, ali yekha pa Bösendorfer yaikulu ija. Chigawo choyamba ndi cha mphindi pafupifupi 50, chachiwiri nchachifupi, ndipo kumapeto kuli tinyimbo titatu ta mphindi imodzi kapena ziwiri. Kajambulidwe kake nkoyera kotero kuti makiyi akumunsi aja amamveka limodzilimodzi, ndipo njira yake ndi yomwe ija: yambani ndi titatu takumapeto, kenaka chigawo chachiwiri, ndipo tsiku limene muli ndi ola lopanda wokuitanani, mumve choyamba chonse.